Mwana akagwidwa ndi apolisi: kumutsekera, kapena kumuyang'anira ali kwawo?

Foni ikasowa pa City Market kapena pa siteshoni ya minibasi mu Lusaka, likulu la Zambia, mlandu umayamba kuzengedwa pomwepo. Wina amangokuwa kuti "kawalala!", anthu n'kuunjikana, ndipo mnyamata wa zaka 14 amene wagwidwayo akakhala ndi mwayi, wapolisi amafika makofi asanachuluke. Anthu amabalalika mitima itakhala pansi poti wakuba wapita ku maselo. Za mawa lake ndi ochepa amene amaziganizira.

Tiyerekeze kuti anyamata agwidwa awiri, pa foni imodzi yomweyo. Woyamba, mayi ake amagulitsa tomato pa msika wa Soweto. Uthenga wawapeza dzuwa lisanalowe, asiyira mnzawo thebulo, amanga chitenje, afika pa polisi chitupa cha NRC chili m'manja. "Bwana, mwanayu ndi wanga, amapita kusukulu. Ndimuyimira ine." Wachiwiri amakhala ndi agogo ake ku Kanyama, m'chipinda cha lendi chopanda nambala. Agogowo alibe foni, ndipo poti mdzukulu wawo nthawi zina amagona kwa anzake, usiku woyamba sada nkhawa. Woyamba uja agona kwawo pa bondi ya polisi. Wachiwiri agona pa simenti. Mlandu wawo ndi umodzi, chawasiyanitsa n'chakuti wina ali ndi munthu wamkulu womuyimira, wina alibe.

Nkhani yonse ya kuyang'anira ana olakwira lamulo ali kwawo yagona pamenepa. Anthu ambiri akamva kuti khoti labweza mwana kunyumba amati "amusiya", ngati kuti palibe chachitika. Koma cholinga chake n'chakuti mwanayo akhale ndi munthu womuyimira, womufunsa kumene wachokera, womuperekeza kukhoti, ndipo ngati munthu wotero palibe, boma limupezere.

Pali makomo atatu amene mwana angatulukire osalowa m'ndende. Loyamba lili pa polisi pomwepo kapena kwa woimira boma pamilandu, nkhani isanafike kwa majisitireti. Kumakhoti amalitchula kuti diversion, kutanthauza kupatutsa mlandu panjira ya khoti. Mwana amavomera yekha kuti analakwadi, iye ndi makolo ake amavomereza kuti nkhani ithere kunja, ndiye amapatsidwa chenjezo, kapena amakumanitsidwa ndi mwini foni kuti apepese ndi kubweza, kapena amatumizidwa ku uphungu. Khomo lachiwiri ndi la nthawi yodikira mlandu: bondi ya polisi kapena belo ya khoti, mwana n'kumagona kwawo, n'kumabwera kukhoti tsiku limene wauzidwa. Lachitatu limabwera khoti litapeza kuti mwana analakwadi. M'malo momutumiza kutali, majisitireti angamuike pa probation, kutanthauza kuti kwa nthawi yoikika akhala pansi pa ofisala wa Social Welfare, azikaonekera ku ofesi, asasamuke osanena, azipita kusukulu, ndipo akaphwanya zimenezi amabwezedwa kukhoti kumene angapatsidwe chilango chimene anachizemba poyamba. Chingwe chimakhalapo ndithu, kungoti ndi chachitali.

Probation si chinthu chachilendo kuno. Lamulo lake, Probation of Offenders Act, ndi la nthawi ya atsamunda. Nalonso lamulo limene linkayendetsa milandu ya ana kwa zaka zoposa 60, Juveniles Act, linalembedwa mu 1956, dziko lino likadali Northern Rhodesia. Pa nthawi yonseyo mwana wa zaka 8 akanatha kuimbidwa mlandu, ngakhale kuti kwa wosafika zaka 12 boma linkayenera kusonyeza kuti ankadziwa kuti akuchita cholakwa. Zikoti nazo zinali pamndandanda wa zilango mpaka High Court inagamula mu 1999 kuti kukwapula kumatsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo nyumba ya malamulo inazichotsa mu 2003. Akuluakulu ena mpaka lero amadandaula za zikotizo, amati ana analowa m'tchire kuyambira pamenepo. Ine sindinaonepo foni imene inabwezedwa chifukwa cha chikoti.

Mu August 2022 pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina Children's Code Act, lamulo nambala 12 la chaka chimenecho. Linafafaniza Juveniles Act pamodzi ndi malamulo ena akale okhudza ana, linakweza msinkhu woimbidwa mlandu kufika pa zaka 12, ndipo linalemba diversion m'lamulo momveka. Kale diversion inkachitika mwa apo ndi apo, kudalira mtima wa wapolisi ndi mabungwe ochepa, mpaka boma ndi UNICEF anakhazikitsa ndondomeko yake mu 2018. Mzimu wa lamulo latsopanoli ndi womwe uli m'pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Zambia inalivomereza mu 1991. Ndime 37 ya panganolo imati kutsekera mwana kukhale chinthu chomaliza zina zonse zitakanika, ndipo kukhale kwa nthawi yochepa zedi. Komiti yoona za panganoli inanena mu 2019 kuti msinkhu woimbidwa mlandu usachepere zaka 14, ndiye pamenepa tikadali m'mbuyo ndi zaka ziwiri.

Kuti timvetse chifukwa chake anthu odziwa za ana amalimbikira chotere, tione kumene mwana wotsekeredwa amapita. Malo a boma osungirako ana opezeka olakwa ndi owerengeka. Katombora, ya anyamata okulirapo, ili m'boma la Kazungula kupitirira Livingstone, ndipo imayendetsedwa ndi Zambia Correctional Service. Nakambala, ya anyamata, ili ku Mazabuka. Insakwe, ya atsikana, ili ku Ndola. Ziwiri zomalizazi zili pansi pa dipatimenti ya Social Welfare, yoona za chisamaliro cha anthu. Palibe ngakhale imodzi imene ili mu Lusaka, mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni. Mayi wa ku Chawama amene mwana wake ali ku Katombora ayenera kuyenda makilomita oposa 450 kuti akamuone, ndipo ndalama ya basi yopita ndi kubwera ndi mpamba wonse wa geni yake. Amapita kamodzi, mwina osapita n'komwe. Mwana amabwerako ndi luso la ukalipentala, inde, koma pakhomo wasanduka mlendo, malo ake ogona anatengedwa ndi mng'ono wake.

Komabe malo atatuwa si ndiwo vuto lalikulu. Choopsa kwambiri ndi nthawi yodikira, pamene khoti silinanene n'komwe ngati mwanayo analakwa. Lamulo limanena kuti ana asasakanizidwe ndi akuluakulu, koma maselo ambiri a polisi ndi ndende za rimandi anazimanga popanda kuganizira ana. Mu 2010 bungwe la Human Rights Watch, pamodzi ndi mabungwe ena awiri, PRISCCA ndi ARASA, linatulutsa lipoti lonena kuti ndende za Zambia zomangidwira anthu 5,500 zinali ndi anthu 15,300 mu 2009, ndipo linapeza ana akugona limodzi ndi akaidi akuluakulu, pakati pa chifuwa cha TB ndi nkhanza zogonana. Papita zaka, ndende zatsopano zamangidwa, dzina lasintha kuchoka ku Prisons kukhala Correctional Service, koma kudzaza sikunathe, ndipo aliyense wokhala mu Lusaka akamva dzina loti Chimbokaila kapena Kamwala Remand amadziwa kuti si malo olerera mwana.

Nanga n'chiyani chimachedwetsa? Zinthu zing'onozing'ono. Khoti la ana limafuna kholo kapena womulera akhalepo, ndiye agogo aja akapanda kupezeka, mlandu umasunthidwa. Limafuna lipoti la ofisala wa Social Welfare lofotokoza za pakhomo pa mwanayo, ndiye lipoti likachedwa, mlandu umasunthidwanso. Ndiye pali nkhani ya zaka. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti mwa ana osafika zaka 5, amene kubadwa kwawo kunalembetsedwa anali 14 okha pa 100 alionse. Mnyamata wamtali wopanda satifiketi ya kubadwa, wopanda khadi ya sikelo, akanena kuti ali ndi zaka 16 wapolisi n'kulemba 19, amayenera kudikira kuti adokotala amuyeze, ndipo podikirapo amawerengedwa ngati wamkulu. Pansi pa lamulo lakale, chigamulo chotumiza mwana ku Katombora chinkayenera kutsimikizidwa ndi High Court, ndipo ana ankakhala miyezi mu rimandi kudikira pepala limenelo. Pamapeto pake mwana woba foni angathe kukhala m'kati nthawi yaitali kuposa chilango chimene akanalandira.

Vutoli si la Zambia yokha. Kafukufuku wa United Nations amene anatsogoleredwa ndi Manfred Nowak anapeza mu 2019 kuti chaka chilichonse ana osachepera 410,000 padziko lonse amakhala m'ndende ndi mu rimandi, osawerengera ena pafupifupi miliyoni amene amadutsa m'maselo a polisi.

Funso limene munthu wamba amafunsa ndi lachindunji: kodi kumusiya panja kumathandiza, kapena tikungomunyengerera? Kuyankha kwake n'kovuta chifukwa ana amene amatsekeredwa kawirikawiri amakhala ovuta kale, ndiye akalakwanso sungadziwe ngati yawaononga ndi ndende kapena anali otero kale. Akatswiri awiri a zachuma, Anna Aizer ndi Joseph Doyle, anapeza njira yochenjera yozungulira vutoli. Ku Chicago milandu ya ana imagawidwa kwa oweruza mwamwayi, ndipo oweruza ena ndi a dzanja lolemera, ena lopepuka. Choncho ana ofanana, a milandu yofanana, ena ankatsekeredwa ena ayi, kungotengera tebulo limene fayilo yagwera. Atatsatira ana oposa 35,000, anapeza mu 2015 kuti otsekeredwawo ambiri sankamaliza sekondale ndipo ambiri ankadzalowanso m'ndende atakula. Chachikulu chinali sukulu: mwana akachotsedwa m'kalasi ngakhale mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi zambiri sabwererako. Chicago si Chibolya, koma mphunzitsi aliyense wa m'komboni angakuuzeni zomwezo za mwana amene wajomba temu yathunthu, anzake n'kumamunong'ona kuti anali ku maselo.

Pali ndi china chimene sichifuna kafukufuku. Mukasonkhanitsa anyamata ovuta m'chipinda chimodzi usana ndi usiku, mwatsegula sukulu. Wolowa akudziwa kutsomphola foni amatuluka akudziwa kothyolera geti, kogulitsa katundu wakuba, ndiponso ali ndi anzake atsopano amene adzamufuna akatuluka. Paja amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ife timatenga yoyamba kununkha n'kuiponya mu dengu la zoola kale.

Mayiko ena anayesa njira zina kalekale. Ku Massachusetts, m'dziko la America, mkulu woona za ana olakwa, Jerome Miller, anatseka masukulu akuluakulu otsekeramo ana pofika 1972 n'kumwaza anawo m'mapulogalamu a m'madera. South Africa inaika diversion m'lamulo lake la 2008 limene linayamba kugwira ntchito mu 2010, ndipo Malawi inachita chimodzimodzi mu 2010. Koma chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha New Zealand. Mu 1989 anakhazikitsa m'lamulo msonkhano wa banja, potengera mwambo wa anthu a mtundu wa Maori: mwana wolakwa, abale ake, wolakwiridwa ndi wapolisi amakhala pansi n'kugwirizana chochita. Njira imeneyi yafalikira m'mayiko ambiri, ndipo imabwera kuno m'mabuku a maphunziro ngati nzeru yakunja.

Koma munthu wokulira ku Katete kapena ku Chadiza akaimva amangoseka. Mwana akaba nkhuku kumudzi, saitanidwa yekha. Amaitanidwa atsibweni ake, mwini mbumba, ndipo ndi iwo amene amagwada pabwalo kwa anyakwawa, ndi iwo amene amalipa nkhuku ziwiri m'malo mwa imodzi. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Akabwerera kunyumba, mwana uja ndiye amadziwa kuti maso a mudzi wonse ali pa iye, kudambo, kudimba, kuchigayo. Kumeneko ndiye kuyang'anira mwana ali kwawo, kopanda fomu ndi sitampa. Sikunali kwangwiro, poti mwana wamasiye ankalangidwa moposa mwana wa mfumu, ndipo milandu ya atsikana ogwiriridwa inkakwiriridwa ndi mbuzi imodzi. Koma mfundo yoti pa mwana aliyense pali wamkulu woyankha inalipo.

M'tauni mfundo imeneyi inaduka. Atsibweni ali ku Chipata kapena ku Kitwe, anansi amasintha mwezi ndi mwezi lendi ikakwera, ndipo kudzudzula mwana wa mnzako kungakubweretsere mwano. Ndiye ntchito ya mwini mbumba yagwera ofisala wa Social Welfare, amene lamulo latsopano limamupatsa udindo woitanidwa mwana akangogwidwa, kufufuza za pakhomo pake, kulangiza khoti, ndi kumutsatira akabwerera kwawo. Munthu yemweyo ndi amene amayendetsanso ndalama zothandizira mabanja osauka za social cash transfer, nkhani za ana otayidwa, za ana opezedwa mumsewu, ndi za okalamba. Kuti akaone mwana mmodzi ku Kanyama nthawi ya dzinja, ayenera kukwera minibasi, kutsika pamene msewu wathera, kuvula nsapato, n'kuyamba kufunsa: "Amayi, kodi agogo aja okhala kuseri kwa kantemba kobiriwira ndi pati?" Tsiku lathera pa fayilo imodzi. Zikafika potere probation imasanduka kusaina: mwana amabwera ku ofesi kamodzi pamwezi, alemba dzina, afunsidwa ngati zonse zili bwino, ayankha kuti inde, n'kubwerera kwa anzake omwe aja.

Apa ndi pamene odandaula amanena zoona. Amene analandidwa chikwama ndi majunkies pa ngodya ku Matero kapena ku Garden, akaona mnyamata yemweyo patapita masiku atatu ali pamalo omwewo akununkhiza bostiki, sangamve za ndime 37. Kwa iye boma lamunyoza. Ndipo anthu akataya chikhulupiriro chotere amayamba kuweruza okha ndi miyala ndi matayala, mwana uja n'kukhala pangozi yoposa ya mu selo. Diversion yongouza mwana kuti "pita, usadzachitenso", mwini foni osauzidwa kanthu, osabwezeredwa kanthu, imaononga dzina la njira yonseyi. Palinso milandu ina, monga kupha, kugwiririra ndi kulanda ndi zida, imene ngakhale olimbikitsa ufulu wa ana amavomereza kuti mwana angafunike kusungidwa pamalo otsekedwa, poteteza anthu ndiponso iye mwini. Mkangano weniweni uli pa unyinji wa ana a milandu ya kuba zing'onozing'ono, ndewu, ndi kupezeka ndi chamba.

Kuyang'anira kumene kumagwira ntchito kumadya nthawi ya mwana. Mnyamata amene m'mawa ali m'kalasi, masana ali pa galaji akuphunzira kumasula injini, madzulo ali ku mpira, sapeza mpata woima pa ngodya. Mbali zina za zimenezi zilipo kale, kungoti sizilumikizidwa. Sukulu ndi yaulere kuyambira 2022, ndiye chifukwa cha fizi chinachepa, ngakhale yunifolomu ndi njala zikadalipo. Ndalama za CDF, zimene boma limapereka zotukulira dera la phungu aliyense, zili ndi gawo lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. M'makomboni muli makomiti a CWAC, othandizana ndi Social Welfare m'madera, amene amadziwa khomo lililonse losauka, muli a neighbourhood watch, muli miphakati ndi amayi a chigwirizano m'matchalitchi. Wapampando wa msika amene angavomere kuti mnyamata azisesa ndi kunyamula katundu masana alionse mpaka mtengo wa foni utakwana, n'kumauza ofisala mlungu ndi mlungu mmene zikuyendera, wachita ntchito imene galimoto ya boma sikanaikwanitsa. Chovuta kwambiri ndi mwana amene wakodwa mu chamba, kachasu kapena mankhwala a chifuwa. Ameneyo malangizo okha samukwana, ndipo malo othandizira ana osiya mankhwala ndi ochepa.

Palinso msampha wina umene anthu okonda njirayi satchula kawirikawiri. Kuyang'anira kukachuluka kumakola ngakhale ana amene akanangosiya okha. Ana ambiri amene amaba kamodzi ali ndi zaka 13 sabwerezanso, amangokula n'kuchita manyazi. Kafukufuku wina wa ku Montreal, amene anatsatira anyamata 779 mpaka atakula, anapeza mu 2009 kuti kulowa m'manja mwa khoti la ana kunkawonjezera mpata wodzamangidwa ukulu, kutsekeredwa ndiko kunali koipitsitsa, koma ngakhale kuyang'aniridwa kunali ndi chiopsezo chake. Mwana wopatsidwa malamulo khumi osunga amaphwanyapo limodzi, ndipo angathe kutsekeredwa chifukwa chojomba ku ofesi, pamene mlandu wake woyamba sunali woyenera ndende. Kodi mwana wa ku George amene walephera kukasaina chifukwa pakhomo panalibe ya basi waphwanya lamulo, kapena ndi wosauka chabe? Majisitireti wanzeru amafunsa funso limeneli asanatseke fayilo. N'chifukwa chake pa mlandu waung'ono woyamba, chenjezo ndi kubweza katundu nthawi zambiri zimaposa probation ya zaka.

Ndipo si nyumba iliyonse imene ili yoyenera kubwezerako mwana. Ena anathawa nkhonya za bambo owapeza, ena ndi makolo awo omwe amene amawatuma kukagulitsa chamba, ena kwawo ndi pansi pa mlatho. Kwa amenewa mawu oti "abwerere kwawo" alibe tanthauzo pokhapokha papezeke azakhali, banja lina lomulera, kapena nyumba yosungira ana yosakhala ndende. Atsikana ndiye amaiwalika kwambiri, poti ndi ochepa m'milandu, ndipo ambiri mwa iwo asanalakwire lamulo anayamba alakwiridwa ndi wina.

Tibwerere kwa mnyamata wachiwiri uja. Chimene chingamutulutse si loya wodula. Ndi munthu wopita ku Kanyama kukapeza agogo, kuwauza tsiku la khoti, kuwapatsa ya basi, ndi kufufuza khadi ya sikelo kapena kalata ya ahedi yosonyeza zaka zake. Ntchito yotereyi imachitidwa ndi maloya a boma a Legal Aid Board, ndi mabungwe monga Undikumbukire Project Zambia, amene amayendera ana m'ndende ndi kuwafufuzira abale. Munthu aliyense woona mwana ali m'mavuto angathenso kuimba 116, nambala yaulere ya Childline. Ngakhale mnansi kapena mkulu wa mpingo angathandize kufikitsa uthenga, ndipo nthawi zina angaime ngati mboni ya bondi.

Agogo akapezeka, tsiku la khoti amakhala kumbuyo kwa mdzukulu wawo m'chipinda chimene anthu wamba saloledwa kulowa, majisitireti n'kuwafunsa ngati angathe kumusunga. "Ndimusunga, bwana, koma masana ndimakhala kumsika." Yankho limenelo ndi limene ofisala wa Social Welfare ayenera kulitola n'kupeza womuona mwanayo masana. Akapanda kupezeka, kalaliki amalemba tsiku lina, ndipo mnyamata uja amakweranso kasalanga kubwerera ku rimandi.